Sitiroberi m'Nthano za Chingerezi ndi Vuto la Womasulira

Womasulira nthano za Chingerezi m'zilankhulo za Chibantu amakumana ndi mau ena amene kubwereka kwake nkosavuta, koma tanthauzo lake lobisika limatsalira. Chitsanzo ndi chipatso chimene Aswahili amati stroberi, ife Acheŵa nkumati sitiroberi.

Mbiri yake njaifupi. M'chaka cha 1714 Mfalansa wina, Frézier, adatenga mbeuyi ku Chile kupita nayo kwao, ndipo itakwatitsidwa ndi ina ya ku Virginia padabadwa mtundu wa zipatso zazikulu umene udafala m'minda ya eni chuma ku England. Nchifukwa chake m'buku la Jane Austen, Emma (1815), alendo akuthyola sitiroberi ku Donwell Abbey, m'munda wa Bambo Knightley. Apo chipatsochi chikusonyeza kuti mwini malo ali ndi nthaka ndi antchito, ndipo Mai Elton, amene akudzitama kuti amadziŵa mitundu yake, akuulula kunyada kwao.

Thomas Hardy, m'buku la Tess of the d'Urbervilles (1891), adapita patsogolo. Alec akuyendetsa Tess, mwana wa amphaŵi, m'munda mmene zipatso zapsa nyengo isanakwane. Akuthyola chimodzi cha mtundu wa British Queen nkuchiika pakamwa pa mtsikanayo. Tess akufuna kulandira ndi dzanja lake, koma Alec akuumirira mpaka iye agonja. Woŵerenga watcheru amaoneratu apa tsoka lonse limene lidzamgwere Tess.

Kodi womasulira angaikepo masuku, poti ndiwo odziŵika kwa onse? Iyai. Masuku ndi a m'tchire, alibe mwini, ndipo amapulumutsa anthu pa nthaŵi ya njala. Alec akapatsa Tess suku, mphamvu ya mwini munda pa mmphaŵi yazimirira, ndipo nthanoyo yafa.

Ku Dar es Salaam kuli phunziro pa nkhaniyi. Mwalimu Julius Nyerere, pomasulira seŵero la Shakespeare m'chaka cha 1969, adalitcha Mabepari wa Venisi. Sadanene za wamalonda chabe, adasankha liu lotchula eni chuma odyera anzao, pofuna kuti Mswahili amve za ndalama ndi mphamvu. Adatsata chimene mau akuchita m'nkhani.

Potsata njira yomweyo, ife tisunge liu lobwerekalo, pakuti mbiri yathu idalipatsa kale tanthauzo loyenera. Sitiroberi adafika m'Malaŵi m'nthaŵi ya atsamunda, ndipo amachita bwino m'malo ozizira monga paphiri la Zomba, mzinda umene udali likulu la dziko mpaka 1975. M'mbali mwa mseu wokwera ku Ku Chawe, olima amagulitsa zipatsozi kwa alendo a m'magalimoto. Mcheŵa amadziŵa amene amalima sitiroberi ndi amene amadya, ndipo Hardy adafunanso kuti woŵerenga wake adziŵe zomwezo.