Stilzitten: mneni amene Adatchi amamukonda ali ndi "niet"

Mawu oyamba achidatchi amene mwana wanga anabwera nawo kuchokera kusukulu anali akuti "Zit stil!" Aphunzitsi amatero mwana akamatakataka pampando. Mneni wake ndi stilzitten: stil ndiye duu, zitten ndiye kukhala pansi. M'chiganizo amaduka pawiri, "ik zit stil", koma ponena kuti chinthu chachitika kale amalumikizananso, ge n'kulowa pakati: stilgezeten.

Akuluakulu samugwiritsa ntchito chomwecho. Mudzamumva kawirikawiri ali ndi niet, kutanthauza "ayi". Akanena kuti "hij heeft niet stilgezeten", ndiye kuti akumuyamikira munthuyo: sanakhale manja lende, wagwira ntchito yooneka. Ngakhale agogo opuma pantchito amadzitama kuti sangathe kukhala duu.

Ine ndimati gwero lake ndi madzi. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dziko la Netherlands lili pansi kuposa nyanja, ndipo limakhala louma chifukwa choti wina akupopa madzi. Mabungwe oyang'anira madzi, waterschappen, analipo kale m'zaka za m'ma 1200. Mpaka lero amachititsa zisankho zawozawo, ndipo kalata yawo ya msonkho imatipeza tonse, alendo omwe. Kumudzi kotere munthu wonyalanyaza chigawo chake cha khoma lotchinga madzi ankamiza ndi anzake omwe.

Kudana ndi ulesi kunaonekeranso kwina: mu 1596 mzinda wa Amsterdam unatsegula Rasphuis, nyumba imene ankatsekeramo amuna opemphapempha ndi oyendayenda, n'kumawapalitsa mitengo yolimba ya ku Brazil yopangira utoto. Ulesi unali mlandu.

Tibwerere ku madzi: mu 1932 Adatchi anatseka nyanja ya Zuiderzee ndi khoma la Afsluitdijk, lotalika makilomita 32, ndipo pamene panali madzi pali chigawo cha Flevoland, chokhazikitsidwa mu 1986. Komabe usiku wa pa 31 Januwale 1953 nyanja inaswa makoma kumwera chakumadzulo, n'kupha anthu 1,836. Yankho lawo linali ntchito ya Deltawerken, imene inadya zaka zoposa 40.

Kaya zonsezi n'zabwino, tingatsutsane. Mnzako kuti umuchezere amayamba watsegula kabuku ka masiku, zimene zimandiwawabe.

Tsiku limene ndinaona Adatchi atakhaladi chete ndi pa 4 Meyi, 8 koloko madzulo, pokumbukira omwe anafa pa nkhondo. Kwa mphindi ziwiri masitima amaima, njinga zimaima. Koma pamenepo mneni wake ndi wina, stilstaan, chifukwa amakhala ali chiimire.