Nkhalango ya Mbona ku Khulubvi

Kumunsi kwa mtsinje wa Shire, kufupi ndi Nsanje m'dziko la Malawi, kumene kale kunali kuchedwa Port Herald, kuli kankhalango dzina lace Khulubvi. Munthu woyenda m'cigwa cimeneco aona minda ndi midzi mbali zonse, koma pofika pa Khulubvi apeza mitengo italiitali ndi mthunzi wozizira, monga kunaliri masiku a makolo. Cimene casunga mitengo imeneyi sindico mpanda wa waya kapena mlonda wa mfuti, koma ulemu umene Amang'anja ali nao pa Mbona.

Akuluakulu asimba kuti Mbona anali munthu wodziwa kuitana mvula. Mphamvu yaceyo inamdanitsa ndi eni ufumu, ndipo iye anathawa kucokera kumpoto kulinga kumwera, adani ace ali pambuyo. Atamgwira anayesa kumupha ndi zida zacitsulo, koma analephera, kufikira mwini wace anawauza kuti amceke ndi tsamba la udzu. Amati mwazi wace unasanduka mtsinje wa Ndione, ndipo mutu wace unaikidwa pa Khulubvi. Pamenepo anthu anamanga kacisi.

Kuyambira masiku amenewo panakhala malamulo olimba. Munthu sadulamo mtengo, saphamo nyama, ndiponso satenthamo moto wa lupsa. Wolowamo abvula nsapato, nayenda mwakacetecete ngati ali pakhomo pa mfumu. Kacisi mwini ndi kanyumba ka mitengo ndi udzu, ndipo kakagwa mafumu ndi anthu ao asonkhana kumanga kena. M'nkhalangomo munali kukhala mai wacikulire wochedwa Salima, amene anali kuyesedwa mkazi wa Mbona. Pa nthawi ya cilala anthu anali kudza ndi nsaru yakuda ndi mowa, kupempha mvula ndi mtendere wa dziko.

Alendo ambiri anapita m'cigwamo. David Livingstone anakwera Shire m'caka ca 1859, ndipo pambuyo pace kunadza nkhondo za ukapolo, njala, amishoni, boma la Angelezi, thonje ndi njanji. Mitengo yambiri ya m'cigwa inatha ndi nkhwangwa, koma ya pa Khulubvi inatsala. M'caka ca 1992 wansembe wa ku Holland, Matthew Schoffeleers, anasindikiza buku la mbiri ya Mbona lochedwa River of Blood, ndipo m'caka ca 2011 boma la Malawi linapereka dzina la Khulubvi ku bungwe la UNESCO, pofuna kuti malowo awerengedwe pakati pa cuma ca dziko lonse lapansi.

Koma buku silicinjiriza mtengo, ngakhale kalata wa boma sazima moto. Anthu acuruka, minda yacepa, ndipo nkhuni zisowa. Tsiku limene ana adzaleka kumva cifukwa cace makolo ao anali kubvula nsapato pa Khulubvi, nkhwangwa idzalowa.

Inu amene mukhala m'makomboni, pakati pa utsi ndi phokoso la makina, kumbukirani kuti pafupifupi mudzi uli wonse uli ndi msitu wa manda kapena mtengo wa nsembe umene nkhwangwa siukhudza. Pamenepo mpamene munthu wotopa akhoza kukhala cete ndi kukumbukira kumene anacokera. Popita kwanu pa chuti, tengani ana anu mukawaonetse malowo, ndi kuwauza mwambo wace.