Kabawi wa kwa Chibisa ndi magazini a akatswiri

M'chaka cha 1864, bungwe la akatswiri a zinyama la Zoological Society of London lidasindikiza m'magazini yake nkhani ya mbalame ina yochokera kwa Chibisa, kufupi ndi pomwe pali boma la Chikwawa lero. Ndi kabawi wamng'ono wotuwa, wokonda kutera pa migwalangwa n'kumadikira ziwala ndi abuluzi. Adaigwira ndi John Dickinson, dokotala wa amishoni a UMCA omwe adatsikira kuchigwa mu 1862 atasamuka ku Magomero. Iye adamwalira komweko mu 1863, chaka cha njala yoopsa, moti nkhaniyo sadaiwerenge. Philip Sclater, mlembi wa bungwelo, adaitcha mbalameyo Falco dickinsoni, ndipo dzinali lilipobe.

Amang'anja adaidziwa mbalameyi kalekale. Koma lamulo la akatswiri n'lakuti dzina limakhazikika pamene lasindikizidwa koyamba, pamodzi ndi kufotokoza maonekedwe a chinthucho. Nthawi imeneyo wosaka ankachotsa chikopa cha mbalame ndi nthenga zake, kuchiumitsa, kumangirira kapepala ka malo ndi tsiku, n'kuchikweza pa sitima. Mlenje yemwe adalozera mtengo womwe mbalameyo imagona, pakapepalapo sankalembedwa.

Ngakhale mathithi a Kapichira adalowa m'mabuku ndi dzina la Murchison. David Livingstone atawaona mu 1859 adafuna kulemekeza Roderick Murchison, mkulu wa Royal Geographical Society, bungwe lomwe linkafalitsa malipoti a maulendo ake.

Padapita zaka zoposa 80 kuti dziko lino likhale ndi magazini yotere. Bungwe la Nyasaland Society lidayamba mu 1946, ndipo mu 1948 lidatulutsa The Nyasaland Journal, yomwe ufulu utabwera idasanduka The Society of Malawi Journal. Poyamba olemba ambiri adali atsamunda, ena olemba bwino ndithu, koma kawirikawiri ankalemba za Amalawi ngati akulemba za nyengo. Zidayamba kusintha ndi anthu ngati wansembe Matthew Schoffeleers, yemwe adakhala nthawi yaitali kuchigwa akumvetsera akuluakulu a ku Khulubvi ku Nsanje asanalembe za chipembedzo cha Mbona. Kenaka Mmalawi, Elias Mandala, adalemba mbiri ya alimi a m'chigwachi m'buku lomwe lidatuluka mu 1990.

Lero zomwe zimakokera ofufuza ku Chikwawa ndi udzudzu. A Malawi-Liverpool-Wellcome ndi anzawo achita kafukufuku wambiri wa malungo m'bomali, kuphatikizapo midzi yozungulira Majete. Zotsatira zimayamba zaunikidwa ndi akatswiri ena zisanatuluke mu Malawi Medical Journal kapena m'magazini akunja, ndipo maina a Amalawi tsopano amaoneka pamwamba pa nkhanizo. Chomwe sichidasinthe ndi chiyankhulo. Mayi yemwe mwana wake adabayidwa chala kuti ayezedwe magazi, atafuna kuwerenga zomwe zidapezeka, akazipeza zili m'Chingerezi.