Mbiri ya Mphumu ndi Asilikali a M'magazi

Kuno ku Ngauma kumazizira mu Juni ndi Julayi. Usiku timamva ana ena akupuma movutika, m'cifuwa mukulira ngati likhweru. Nthenda imeneyi ndi mphumu. Ena amati mwanayo walodzedwa. Ena amam'patulira mbale ndi cikho cake, poopa kutengera. Tiyeni timve zimene madokotala anapeza.

Mu 1918, dokotala wina wa ku Boston, ku America, dzina lake Francis Rackemann, anaona kuti mphumu ili mitundu iwiri. Odwala ena amabanika akapuma fumbi, mungu wa maluwa kapena ubweya wa nyama. Ambiri a iwo amayamba ali ana. Ena amayamba atakula, popanda cinthu cakunja codziwika.

Nanga fumbi lomwelo limavutitsa bwanji munthu mmodzi ndi kusiya mnzake? Yankho linayambira pa nsomba. Mu 1921, mumzinda wa Breslau, ku Ulaya, munali madokotala awiri. Heinz Küstner sankayanjana ndi nsomba. Akadya, thupi linkatupa ndi kuyabwa. Mnzake Carl Prausnitz ankadya nsomba popanda vuto. Iwo anatenga madzi a m'magazi a Küstner nabaya pakhungu la Prausnitz. M'mawa mwake anabaya madzi a nsomba pamalo omwewo. Pamalopo panatupa ndi kufiira. Apa anadziwa kuti m'magazi a Küstner muli kanthu. Koma kanthuko sanakaone.

Panapita zaka 45. Mu 1966, Kimishige Ishizaka ndi mkazi wake Teruko, a ku Japan, anakapeza akugwira nchito ku Denver, ku America. Mu 1967, Johansson ndi Bennich anakapezanso ku Uppsala, ku Sweden. Mu 1968 kanthuko kanapatsidwa dzina lakuti IgE.

IgE ndi gulu limodzi la asilikali a m'magazi. Tonsefe tili nawo. Nchito yawo ina ndi kumenyana ndi njoka za m'mimba. Mu 1968, Johansson ndi anzake anapeza kuti ana a ku Ethiopia okhala ndi njoka za m'mimba anali ndi IgE wambiri kuposa ana a ku Sweden.

Koma mwa anthu ena asilikaliwa amalakwitsa. Amakhala ngati galu woluma mwini wake. Amayesa mdani fumbi la m'zofunda, mphemvu kapena mungu. Akayamba nkhondo, njira za mpweya zimatupa, zimacepa, zimadzaza makhololo. Munthu amabanika. Uwu ndi mtundu woyamba uja.

Mu mtundu waciwiri, madokotala akayeza sapeza IgE wolimbana ndi fumbi kapena mungu. Koma njira za mpweya zimatupabe. Mitundu yonse iwiri imakula ndi cimfine, kuzizira, utsi wa nkhuni, moto wa m'thengo ndi fumbi la fodya posankha masamba.

Conco, anzanga, mphumu si ufiti. Sipatsirana pa cikho, pa mbale kapena pa mphasa. Imayenda m'banja, monga mmene mwana amatengera nkhope ya makolo.

Mwana wa mphumu adye pamodzi ndi anzake. Asagone m'nyumba yophikira. Zofunda zake tizicape ndi kuziyanika padzuwa. Tipite naye kucipatala, pakuti alipo mankhwala opopera m'kamwa amene amatsegula njira za mpweya. Akalephera kulankhula cifukwa ca kubanika, tisadikire kuti kuce. Cifuwa cikapitirira masabata awiri tikayezetse, cifukwa cingakhale cifuwa cacikulu, ndipo ico cimapatsirana.

Mafunso

1. Kodi Prausnitz ndi Küstner anaphunzira ciani pa nsomba?
2. Asilikali a IgE amatithandiza bwanji, ndipo amalakwitsa bwanji?
3. Kwanu, ndi zinthu ziti zimene zimabanikitsa odwala mphumu?