Ntchito Yofukula ndi Kuteteza Zinthu Zakale ku Dowa ndi Ntchisi

Wofukula zakale ndi katswiri amene amafufuza mbiri ya anthu kuchokera ku zimene iwo anasiya m'nthaka: mapale, mikanda, makala, mafupa, ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi mabwinja. Kuno ku Malawi ntchitoyi imayang'aniridwa ndi nthambi ya boma ya Museums and Monuments, imene gawo lake lina kale linkatchedwa Antiquities.

Masiku ano yambiri mwa ntchitoyi ikubwera chifukwa cha malamulo. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limaletsa kufukula kapena kutulutsa kunja zinthu zakale popanda chilolezo cha boma. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limalamula kuti chitukuko chachikulu, monga msewu, damu kapena mgodi, chiyambe chaunikidwa, ndipo lipoti lake limapita ku bungwe loona zachilengedwe la MEPA. Motero katapila asanafike, wofukula zakale amayenera kukhala atadutsa kale.

Amayamba ndi kwa amfumu. Anthu a m'mudzi ndi amene amadziwa pamene pali manda akale, kachisi wopempherera mvula, kapena dambwe, pamene mlendo safika chisawawa. Akatero wofukulayo amayenda wapansi m'mizere ya m'minda, maso ali pansi, makamaka m'chilimwe udzu utapsa. Akapeza phale amalitembenuza, n'kuyang'ana mlomo wake ndi zokhwatchakhwatcha za m'khosi mwake. Zimenezi ndizo zimasiyanitsa mbiya za mtundu wa Nkope, zoumbidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndi za Mawudzu za nthawi ya Amaravi. Malo akaoneka ofunika amakumba kadzenje ka mita imodzi mbali zonse, pang'onopang'ono, dothi lonse akulisefa. Phale lotoledwa popanda kulemba pamene linagona limakhala litataya umboni wake, n'chifukwa chake kope ndi kamera sizisowa m'chikwama chake.

Mapiri a Dowa ndi Ntchisi ali ndi zambiri zofunika diso lotere. M'zaka za m'ma 1800 Achewa ankathawira m'phiri la Ntchisi pobisalira nkhondo za Angoni. Ku Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anatsegula mishoni yoyamba ya mpingo wa Dutch Reformed mu 1889, ndipo ya ku Kongwe inatsatira mu 1894. Koma maderawa sanafufuzidwe mozama monga Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala a Chongoni amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006, komanso Mankhamba kumene Yusuf Juwayeyi anafukula likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Chonsecho misewu ikukulitsidwa, miyala ikuswedwa, ndipo nyumba zikuchuluka ku Mponela ndi ku Lumbadzi.

Wofuna ntchitoyi amaphunzira mbiri ndi chikhalidwe cha anthu kuyunivesite, kenako amazolowera manja potsatira akatswiri kumalo ofukula. Ayeneranso kudziwa kuwerenga mapu ndi kulemba lipoti lomveka. Chovuta kwambiri ndi kulimba mtima pouza kontirakitala amene ali pa liwiro kuti aimitse makina, pakuti katswiri wosaina lipoti asanapondeko phazi amawononga kuposa katapila.

Inu mukatulukira mbiya, mafupa kapena ng'anjo pokumba maziko, musazichotse. Dziwitsani amfumu ndi ofesi ya DC ya m'boma lanu.