Mmene mawu, zithunzi ndi kanema zimafikira m'mafamu a ku Mashonaland

Uthenga wa mawu, chithunzi kapena kanema umafika kwa munthu kudzera m'njira zitatu: mawaya, mafunde ochokera ku nsanja kapena ku setilaiti, ndi kulumikizana kwa zipangizo za m'nyumba momwemo. M'mafamu akuluakulu a ku Mashonaland m'dziko la Zimbabwe, monga a ku Banket, Karoi, Mvurwi ndi Marondera, njirazi sizinafike nthawi imodzi, ndipo sizinafikire anthu onse mofanana. M'makomboni a mafamuwa muli ana ndi zidzukulu zambiri za anthu amene anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo ena mwa iwo amayankhulabe Chichewa.

Njira yoyamba inali ya waya. M'nthawi ya atsamunda lamya inkathera ku nyumba ya mwini famu, ndipo kawirikawiri mafamu angapo ankagawana waya mmodzi. Pa nkhondo ya m'ma 1970 alimi achizungu anawonjezera wailesi yotchedwa Agric-Alert yowalumikiza ndi achitetezo. Ku komboni kunalibe zonsezi. M'chaka cha 1985 boma linatsegula siteshoni ya setilaiti ku Mazowe, ndipo mauthenga opita kunja ankadutsa pamwamba pa anthu othyola malalanje amene ankadalirabe kalata pofuna kumva za kumudzi. Mafamu atayamba kulandidwa m'chaka cha 2000, mawaya ambiri a mkuwa anabedwa kapena kusiyidwa osakonzedwa.

Chimene chinafika ku komboni ndi mafunde. Wailesi ya Radio 4, imene pambuyo pake inatchedwa National FM, inapereka mpata ku ziyankhulo monga Chichewa. Kampani ya NetOne inayamba ntchito ya foni za m'manja mu 1996, Econet ndi Telecel mu 1998, koma zithunzi ndi kanema zinayamba kuyenda bwino Econet itakhazikitsa 3G mu 2009.

Kanema ndi katundu wolemera kwambiri poyerekeza ndi mawu. Asanatumizidwe, foni imamupanikiza pochotsa tizigawo timene diso silingazindikire, kenaka imamuduladula m'timapukusi. Timapukusiti timayenda ngati kuwala m'mawaya a galasi otchedwa fibre, amene makampani monga TelOne ndi Liquid anayala motsatira misewu ikuluikulu, mpaka ku nsanja. Kuchoka apo ulendo wotsala ndi wa mumlengalenga, ndipo apa ndi pamene pagona vuto. Mphamvu ya nsanja imodzi amagawana onse amene akuigwiritsa ntchito, ndipo imachepa munthu akamatalikira kapena akakhala kuseri kwa phiri. N'chifukwa chake uthenga wa mawu pa WhatsApp umadutsa pamene kanema wakanirira. Uthenga woterewu uli ndi phindu linanso: munthu amene anaphunzira sukulu m'Chishona ndi m'Chingerezi amatha kulonjera agogo ake ku Dedza m'Chichewa popanda kuchilemba.

Wailesi ya kanema inadzera pa dishi. Mabanja ambiri anagula madikoda otchipa monga Wiztech n'kumaonera SABC ya ku South Africa mwaulere, kufikira mu 2013 pamene kampani ya Sentech inatseka mafundewo. Starlink, imene imabweretsa intaneti mwachindunji kuchokera ku setilaiti, inayamba ntchito m'dzikoli mu 2024, koma mtengo wa zipangizo zake ndi wa mwini famu, osati wa waganyu.

Njira yachitatu, ya m'nyumba, ku komboni ili ndi maonekedwe akeake. M'tauni amatchula Wi-Fi. Kuno munthu mmodzi akakopera nyimbo, ulaliki kapena kanema wa gule wamkulu, anzake amatengerana kudzera pa Bluetooth kapena pa memory card, osalipiranso kanthu. Kunena zoona, luso limeneli labereka zambiri kuposa mawaya onse amene anayalidwa m'maderawa. Chimalilepheretsa ndi magetsi. Madzi atachepa m'damu la Kariba mu 2019 ndi mu 2022, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, nsanja zina n'kumazima nawo, ndipo kasola kakang'ono ka padenga kanasanduka chuma.

Palinso chopinga chimene si cha makina. Lamulo limafuna kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe ndi chiphaso cha mwini wake. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya anthu ambiri a m'mafamu opanda dziko lowavomereza. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anazindikira Chichewa ngati chimodzi mwa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC. Komabe mu 2021 bungwe la Amnesty International linapeza kuti ambiri analibe zikalata zotsimikizira kubadwa kwawo. Munthu wotere amalembetsa nambala m'dzina la mnansi, ndipo foniyo ikatayika kapena mnansiyo akasamuka, nambala imene abale a ku Malawi ankaidziwa imapita nayo.