Makwerero a namwino wa ku Mzimba

Mwezi wathawu achemwali anga, omwe ndi namwino pa chipatala china kummwera kwa Mzimba, anandiimbira foni usiku. "Achimwene, ine ndatopa. Aka n'kachitatu." Ankanena za mafomu ofunsira malo a digiri yachiwiri, ija timangoti masitazi. Ulendo woyamba pepala la magiredi linafika mochedwa. Wachiwiri malo anapezeka koma wolipira fizi panalibe. Wachitatuwu netiweki inathawa ali mkati motumiza, tsiku lotsekera lenilenilo. Ndinasowa chowayankha. Nditadula foni ndinayamba kusinkhasinkha kuti kodi vutoli linayamba liti, ndipo ndaona kuti ndi lakale kuposa intaneti.

Mu 1902 Donald Fraser wa mishoni ya Livingstonia anachoka ku Hora n'kukakhazikitsa siteshoni ya Loudon ku Embangweni. Akazi ake, Agnes Fraser, anali dokotala, ndipo chipatala cha ku Embangweni chinaphukira pa ntchito yawo. Komatu dokotala m'modzi sangamange mabala onse, kusambitsa odwala onse, n'kuchezeranso usiku ndi mayi amene matenda ake ayamba. Zambiri mwa izi ankazigwira ndi anthu a m'midzi yomweyo, ophunzirira pambali pa bedi la wodwala. Luso anali nalo, pepala analibe.

Nthawi yonse ya atsamunda zinthu zinkayenda choncho. Zipatala za mishoni zinkaphunzitsa othandizira ndi azamba, pomwe udindo wa namwino wamkulu m'zipatala za boma unali kwambiri m'manja mwa azungu. Mtsikana wa kuno wofuna unamwino wa pamwambawo ankayenera kukaphunzira kunja kwa dziko. Ufulu utabwera, sukulu ya boma ya anamwino inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965, bungwe loona za anamwino ndi azamba linakhazikitsidwa mu 1966, kenako mu 1979 kunabwera Kamuzu College of Nursing pansi pa Yunivesite ya Malawi. Khomo linasendera pafupi ndithu, koma kwa mwana wa ku Embangweni, Jenda kapena Champhira linali likadali kutali.

Sukulu zoyandikira kwathu zinali za mipingo, monga ya ku Ekwendeni ndi St John's ku Mzuzu. Zaphunzitsa anamwino ambiri amene akusunga zipatala za kumidzi, koma kwa zaka zambiri zinkaphunzitsa gawo la m'munsi. Apa ndi pamene pali nkhani. Amene wayambira pamenepo ayenera kubwereranso kusukulu kuti alembedwe ngati namwino wamkulu, kenako apeze digiri, ndiye aziganiza za masitazi. Sitepe iliyonse imafuna fomu yake, ndalama zake, kalata ya bwana yomulola kuchoka pa ntchito, ndi wina wotsala ndi ana pakhomo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ambiri anapita ku Britain, mawodi n'kutsala pululu. Mu 2004 boma, mothandizidwa ndi Britain komanso Global Fund, linayambitsa ndondomeko yapadera imene inawonjezera 52 peresenti pa malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi kuchulukitsa ophunzira m'makoleji. Zinathandiza. Koma chinkafunika mwachangu anali manja a mu wodi, choncho makwerero anakula kunsi, kumtunda n'kukhalabe kopanikiza. Masitazi a uzamba anayamba ku Kamuzu College of Nursing mu 2008, ndipo mu 2021 kolejiyi inaphatikizidwa ndi College of Medicine kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Yunivesite ya Mzuzu nayo imaphunzitsa digiri ya unamwino. Tikayerekeza ndi nthawi ya agogo athu, tayenda mtunda. Koma tawerengani nokha: kuchokera 1902 kufika 2008 ndi zaka 106.

Chimene chimandiopsa n'chakuti ife a ku Mzimba njira ina timaidziwa bwino. Agogo athu anapita ku Joni pa Wenela, adzukulu awo akupitabe pa basi. Munthu amene wagogoda katatu osatsegulidwa amayamba kufunsa mtengo wa pasipoti. Akachoka wotereyu, sitaya namwino m'modzi yekha. Tataya amene akanaphunzitsa ena, wodziwa Chitumbuka cha mayi wa kumudzi, wodziwa kuti nthawi ya dzinja ambulansi imatitimira pati.

Dzana ndinawaimbiranso achemwali aja. Akuti chaka chamawa adzakwera matola kupita pa boma kudakali sabata yathunthu, akatumizire mafomu kumeneko. Ndinawafunsa za fizi. "Zimenezo tidzaona, achimwene. Ndisiyeni kaye, kwabwera wodwala." Foni inadukira pomwepo.